Nyengo ya Zilembo Zokhazokha ku Manyamula

Intaneti sinafike ku Manyamula pa kompyuta. Inafika pa kafoni ka mabatani, ndipo kwa zaka zingapo chimene inkabweretsa chinali zilembo basi, popanda chithunzi, kanema kapena liwu la munthu. Nyengo imeneyi inayamba ndi mauthenga a SMS m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, inakula pamene mafoni anayamba kutsegula masamba a intaneti, ndipo inazilala pang'onopang'ono 2015 itadutsa, mafoni amakono atachuluka. M'mayiko olemera, anthu akamakumbukira intaneti ya zilembo zokhazokha amanena za makompyuta a m'mayunivesite a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ku Mzimba mizu yake ili kwina, m'makalata a anthu opita ku Joni, kutanthauza ku South Africa.

Manyamula ndi malo a malonda chakumadzulo kwa tawuni ya Mzimba, m'dera la alimi a chimanga, fodya, mtedza ndi soya, amenenso amaweta ng'ombe. Boma la Mzimba ndi lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi potengera kukula kwa malo, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Chilankhulo cha tsiku ndi tsiku ndi Chitumbuka, pamene ufumu ndi miyambo yambiri ndi ya Chingoni, pansi pa Inkosi ya Makosi M'mbelwa ku Edingeni. Mwambo umodzi ndi wofunika pa nkhani ino: mwamuna amapereka malowolo, mkazi n'kukakhala kwawo kwa mwamuna. Mwamunayo akanyamuka ulendo wakunja, mkazi amatsala pakati pa apongozi ndi alamu.

Kalata ndi telegalamu

Amuna a ku Mzimba akhala akuchoka kwa zaka zoposa 100. M'nthawi ya atsamunda, msonkho ndi kusowa kwa ntchito kumpoto zinkawakankhira ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ku Copperbelt ndi ku South Africa. Ena ankalembedwa ndi bungwe la Wenela, ena ndi la Mthandizi, ena ankangonyamuka paokha, amene ankatchedwa a selefu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la Teba, n'kudzatha mu 1988 maboma a Malawi ndi South Africa atasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV. Koma ulendo wa ku Joni sunathere pomwepo. Ulamuliro wa tsankho utagwa ku South Africa mu 1994, anyamata anayamba kupita paokha mwaunyinji kukagwira ntchito za m'nyumba, m'mashopu ndi m'zomangamanga, ndipo pambuyo pake azimayi nawo anatsatira.

Kwa zaka zambiri, chimene chinkalumikiza wopita ndi otsala chinali kalata. Mwayi wa derali unali wakuti sukulu zinafika msanga. Mishoni ya Livingstonia inatsegula siteshoni ku Ekwendeni mu 1889, ndipo mu 1902 Donald Fraser anakhazikitsa ya Loudon ku Embangweni, imene inkayang'anira sukulu zambiri za m'midzi ya kumwera kwa Mzimba. Motero ngakhale mudzi wa kutali sunkasowa munthu wodziwa cholembera: mphunzitsi, mkulu wa mpingo, kapena mwana wa sukulu wa dzanja labwino.

Akuluakulu amakumbukira kuti kalata inali ndi dongosolo lake. Inkayamba ndi moni wautali wotchula anthu potsata msinkhu. Kenako pankabwera za mvula, za ng'ombe, za odwala ndi za maliro. Nkhani yeniyeni, imene kawirikawiri inali ya ndalama, inkadikira kumapeto. Midzi inalibe keyala yakeyake, choncho makalata ankadzera pa keyala ya sukulu, ya mpingo kapena ya sitolo. Ahedi ankaitana maina pa asembule, ana n'kunyamula makalata a makolo awo poweruka. Ena ankagawidwa Lamlungu mapemphero atatha. Kuchokera ku Johannesburg mpaka kufika m'manja mwa mwini wake pankapita masabata, m'dzinja kuposa pamenepo, ndipo yankho nalo linkayenda ulendo womwewo. Munthu amene makalata ake aleka kubwera kwa zaka ankayamba kutchedwa mtchona.

Kalata yotere sinali ya munthu mmodzi. Nthawi zambiri inkalembedwa kwa bambo kapena mchimwene wa wopitayo, ndipo inkawerengedwa mokweza anthu atakhala pansi. Mkazi wosadziwa kuwerenga ankamva mawu a mwamuna wake kudzera pakamwa pa mlamu, ndipo pofuna kuyankha ankayenera kutula za mumtima mwake kwa wolemba. Zimene sakanatha kuuza munthu wachitatu sizinkalembedwa n'komwe. M'mabanja ambiri mumamveka nkhani za owerenga amene ankadumpha mizere yowawa, kapena kuchepetsa ndalama zotchulidwa m'kalatamo, ndipo banja lililonse limaisimba mwa njira yake.

Pa zadzidzidzi panali telegalamu. Malipiro ake ankawerengedwa pa liwu lililonse, choncho moni yense uja ankatayidwa, n'kutsala mawu atatu kapena anayi onena amene wamwalira ndi oti munthu abwere msanga. Kungomva kuti kwabwera telegalamu, anthu ankayamba kulira asanaitsegule. M'dziko momwemuno munalinso wailesi ya MBC, imene inkaulutsa mauthenga achisoni pa nthawi yake yodziwika. Wailesiyi inaleka kulankhula Chitumbuka mu 1968, boma litasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo inadzayambiranso mu 1994. M'sukulu namo ana ankaphunzira kulemba Chichewa ndi Chingerezi. Chitumbuka cholembedwa chinatsalira m'Baibulo, m'mabuku a nyimbo a mpingo ndi m'makalata, ndipo zotsatira za zimenezi zinadzaonekera pa foni patapita zaka zoposa 30.

Intaneti ya m'tawuni

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Chancellor College ku Zomba kunakhazikitsidwa njira yotumizira imelo kudzera pa Fidonet, ntchito imene Dr Paulos Nyirenda anaitsogolera. Kompyuta inkasonkhanitsa makalata a anthu, n'kuimba lamya kunja pa nthawi zoikika kuti itule mtolo wonse ndi kulandira wina. Lamyayo inali yodula ndi yochedwa, moti njirayi inkayenerana ndi zilembo zokha. M'zaka zomwezo, za kalata ya maepiskopi ya 1992 ndi riferendamu ya 1993, Amalawi okhala kunja ankakambirana za kwawo pa Nyasanet, bwalo la makalata a imelo. Kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997, ndipo lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la MACRA loyang'anira za mauthenga.

Zonsezi zinali kutali ndi Manyamula. Zinkafuna magetsi, lamya ya waya, kompyuta ndi Chingerezi. Munthu wa ku Mzimba wokhala ndi imelo m'zaka zimenezo anali wophunzira wa ku yunivesite, wantchito wa bungwe, kapena wa ku mishoni yokhala ndi abwenzi kunja. Malo ogulitsa intaneti atatsegulidwa ku Mzuzu, kenako m'matawuni ang'onoang'ono, munthu ankalipira pa mphindi kuti atsegule Yahoo kapena Hotmail. Ochenjera ankalemberatu kalata yawo papepala kunyumba kuti pa kompyuta akangokopera, chifukwa tsamba linkatseguka mwaulesi ndalama ikupita, ndipo magetsi akathima pakati zonse zinkatayika.

Foni ya m'manja

Kampani ya TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel inabwera mu 1999. Iyi inadzasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Poyamba netiweki inali ya m'mizinda, ndipo inkalowa m'midzi nsanja imodzi imodzi. Anthu a mudzi umodzi amatha kutsutsana za chaka chimene netiweki inafika kwawo, ndipo onse amakhala akunena zoona, chifukwa sinkafika mudzi wonse nthawi imodzi. Inkayamba kugwira pa chulu china, pansi pa mtengo wina, kapena pakona ya bwalo la sukulu. Malo oterowo ankadziwika ndi aliyense, ndipo madzulo pankaima anthu atakweza dzanja m'mwamba. Kunyumba foni ankaipachika pa msomali wa pazenera pamene kamzere kamodzi ka netiweki kankaoneka, kuti uthenga ukabwera upeze polowera.

Mafoni ambiri oyambirira anachokera ku Joni, m'zikwama za obwera pa Khirisimasi kapena m'magalimoto a matransipota amene amanyamula katundu, makalata ndi ndalama pakati pa Johannesburg ndi Mzimba. Nokia 3310, yotuluka mu 2000, inatchuka ndi kulimba, ndipo Nokia 1100 ya 2003 inakondedwa kumudzi chifukwa cha tochi yake ndi batire yokhalitsa. Chakumapeto kwa zaka khumi zimenezo kunabwera timafoni totsika mtengo ta ZTE timene anthu anatipatsa dzina loti Mose wa Lero, ndipo ndi timeneti tinafikitsa foni m'manja mwa anthu wamba.

Kutchaja kunali ntchito payokha. Kumene kunalibe magetsi, foni inkapita kwa munthu wa sola kapena wa batire ya galimoto, kawirikawiri kometera tsitsi kapena koonetsera mafilimu. Mwini malo ankamata kapepala ka dzina pa foni iliyonse, ndipo eni mafoni ankaika chizindikiro pa mabatire awo poopa kusinthiridwa ndi yakutha. Mwana wotumidwa pa njinga ankanyamula mafoni a mabanja angapo ulendo umodzi. Kwa amene analibe foni kunali byuro, tebulo la pansi pa ambulera pamene munthu ankaimba lamya wogulitsa akuyang'ana mphindi. Kuimba ku South Africa kunkadya ndalama moti anthu ankalankhula mothamanga, opanda moni wokwanira. Uthenga wolemba unali wotsika mtengo kwambiri, ndipo mtengo wake unkadziwika usanatumizidwe. Apa m'pamene zilembo zinapambanira liwu.

Luso la zilembo 160

Uthenga umodzi wa SMS umalola zilembo 160, kuphatikizapo mipata. Malire amenewa anaikidwa ndi akatswiri a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980, ndipo uthenga woyamba unatumizidwa ku Britain mu Disembala 1992. Chilembo cha 161 chinkasandutsa uthenga umodzi kukhala awiri, mtengo n'kuwirikiza. Pakona ya galasi la foni pankaoneka nambala yotsika ndi chilembo chilichonse, ndipo wolemba ankakhala diso lili pamenepo. Mayunitsi ankagulidwa pang'onopang'ono ngati mafuta ophikira oyezera pa supuni, choncho palibe ankalola kutaya uthenga wathunthu chifukwa cha liwu limodzi lotsalira.

Kulemba kwake kunkafuna chala chozolowera. Mabatani a zilembo anali asanu ndi atatu, lililonse lokhala ndi zilembo zitatu kapena zinayi. Kuti munthu alembe "zikomo" ankadina batani la 9 kanayi kuti apeze z, la 4 katatu, la 5 kawiri, kenako zilembo zitatu zomaliza zonse zinali pa batani la 6, ndipo pakati pa chilichonse ankayenera kudikira kamphindi kuti foni ilandire chimene walemba kale. Kudina konseko kunkakwana 16. "Yewo" wa Chitumbuka ankatheka ndi kudina 9 kokha. Mafoni anali ndi njira yolosera mawu, yotchedwa T9, koma inkadziwa Chingerezi ndi zilankhulo zina zakunja, ndipo ikakumana ndi Chitumbuka inkatulutsa zopanda mutu. Ntchito yoyamba ya mwana wochenjera pa foni yatsopano inali kuithimitsa njirayo. Achinyamata ena anafika polemba foni ili m'thumba, osayang'ana, mphunzitsi ali kutsogolo.

Pofuna kusunga malo, anthu anayamba kudula mawu. Mavawelo ndiwo ankatayidwa poyamba: "zikomo" ankasanduka "zkm", kuseka kunkalembedwa "kkkk", ndipo Chitumbuka, Chichewa, Chingerezi ndi timawu ta Chizulu totola ku Joni zinkasakanikirana mu mzere umodzi, liwu lalifupi ndilo linkapambana. Popeza ambiri sanaphunzire kalembedwe ka Chitumbuka kusukulu, aliyense ankalemba mmene khutu lake likumvera. Chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka kwambiri m'Chitumbuka, sichili pa mndandanda wa zilembo wamba za SMS. Pa foni imene inkatha kuchilemba, uthenga wonse unkasinthira ku njira ina yolola zilembo 70 zokha. Choncho ena ankaika w, ena b, ndipo owerenga ankamvana ndithu. N'kutheka kuti m'zaka zimenezi Chitumbuka chinalembedwa ndi anthu ambiri kuposa kale lonse, ngakhale kuti pafupifupi zonsezo zinafufutika.

Chimene sichinkadulidwa mwachisawawa ndi ulemu. Uthenga wopita kwa apongozi kapena kwa bambo unkayenera kuyamba ndi moni ndi kufunsa za moyo, ngakhale zimenezo zidye theka la malo. Wachinyamata wolembera mkulu mawu odulidula, kapena wolowa nkhani ya ndalama asanapereke moni, ankaonedwa kuti Joni yamuwononga. Dongosolo la kalata yakale lija linapulumuka, linangofinyidwa.

Pansi pa SMS panali njira zosalipira. Kuflasha ndi kuimba n'kudula foni isanayankhidwe, ndipo tanthauzo lake anthu ankagwirizaniratu: kamodzi ndiye kuti ndafika, kawiri ndiye kuti ndiimbireni. Panalinso lamulo losalembedwa lakuti wosowa amaflasha wopeza bwino, choncho wa kumudzi ankaflasha wa ku Joni, osati wa ku Joni kuflasha wa kumudzi. Wa ku Joni akayamba kuflasha, abale ankadziwa kuti ntchito yatha. Uthenga waulere wa Please Call Me unayamba ku South Africa mu 2001 ndipo unafalikira m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi. Nkhani ya amene anauganiza inafika mpaka ku khoti lalikulu la malamulo la ku South Africa, limene mu 2016 linagamula mokomera Nkosana Makate pa mlandu wake ndi Vodacom.

Mafoni akale ankasunga mauthenga ochepa kwambiri. Malo akadzaza, kachithunzi ka envulopu kankaphethira pamwamba pa galasi, kusonyeza kuti pali uthenga wina umene ukudikira panja. Mwini foni ankayenera kusankha woti afufute, ndipo otsala ankakhala amene munthu sakufuna kusiyana nawo: lonjezo la ndalama, mawu a chibwenzi, kapena uthenga womaliza wa munthu amene anamwalira. Ena ankakopera mauthenga otere m'kope la sukulu, momwenso ankalembamo manambala a foni poopa kuti simu ikatayika abale onse atayika nayo.

Foni inasintha njira ya nkhani m'banja, koma osati tsiku limodzi. Poyamba pamudzi pankakhala foni imodzi, kawirikawiri ya bambo kapena mchimwene wamkulu, ndipo uthenga unkawerengedwa mokweza monga kalata. Mwamuna wa ku Joni akagulira mkazi wake foni yakeyake, nkhani ya ndalama inkayamba kudutsa apongozi, ndipo pamidzi ina zimenezi zinadzetsa milandu. Komabe mkazi kapena gogo wosadziwa kuwerenga ankafunabe wina. Kabelu ka uthenga kakalira ankaitana mdzukulu, ndipo mwana wa sitandade 5 ankadziwa zinsinsi za akuluakulu zimene kale sakanaloledwa kuzimva. Mu Meyi 2008, pamene anthu obwera ankachitiridwa nkhanza ku South Africa, mabanja ambiri ankadikira mzere umodzi wokha wonena kuti mwana wawo ali moyo, ndipo kumene kunalibe wodziwa kuwerenga, foni inkathamangitsidwa kwa oyandikana nawo.

Intaneti pa kagalasi kakang'ono

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, mafoni a mabatani okhala ndi galasi la mitundu anayamba kutsegula intaneti. Chida chachikulu chinali Opera Mini, pulogalamu imene inkafinya tsamba lisanafike pa foni. Inali ndi posankha kuti zithunzi zisatseguke, ndipo aliyense wosamala mayunitsi ankatseka pamenepo. Tsamba la nyuzi linkafika ngati mndandanda wa mizere, pamalo pa chithunzi pali kabokosi kopanda kanthu. Kuika makonzedwe a intaneti m'foni linali luso la anyamata ochepa a pa malo a malonda, amenenso ankatsegulira anthu Facebook ndi kuwasungira mawu achinsinsi, nthawi zina n'kuwaiwala.

Ku Joni achinyamata anapeza Mxit, imene Herman Heunis anaiyambitsa ku Stellenbosch mu 2005. Inkayenda pa mafoni wamba ndipo uthenga wake unkadya ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi SMS, moti kwa nthawi yoyamba anthu ankatha kucheza polemba, kufunsa ndi kuyankhana usiku wonse, m'malo motumiza nkhani yofunika yokha. Obwera kutchuthi ankaiphunzitsa kwa abale awo. Facebook, imene inayamba mu 2004, inafika kwa ambiri kumudzi ili ya zilembo: munthu ankawerenga ndemanga makumi angapo zoyamikira chithunzi chimene iye sanachione. Mu Meyi 2015 kampaniyi, mogwirizana ndi TNM ndi Airtel, inabweretsa ku Malawi Internet.org, imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics, yolola anthu kuona masamba ena osalipira koma opepukitsidwa, ambiri a zilembo. M'chaka chomwecho boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a SMS ndi pa intaneti.

Mabungwe nawo anagwiritsa ntchito zilembo zomwezi. Mu 2008 chipatala cha St Gabriel ku Namitete chinayamba kulumikizana ndi anthu odzipereka a m'midzi kudzera pa FrontlineSMS, ndipo pambuyo pake alangizi a zaumoyo m'dziko muno anayamba kutumiza malipoti a mankhwala otsala pa SMS kudzera pa cStock. Mawailesi, kuphatikizapo Zodiak imene inayamba mu 2005, ankawerenga mauthenga a omvera, ndipo kumva dzina lako ndi la mudzi wako likutchulidwa pa wailesi chinali chinthu chosimba.

Kubwera kwa liwu

WhatsApp inayamba mu 2009 ngati njira ya zilembo, ndipo inkayenda ngakhale pa mafoni ena a Nokia a mabatani. Mu 2013 inaika batani lojambulira mawu, mu 2015 kuimba, ndipo mu 2016 kuimba koonana nkhope. Pa nthawi yomweyo Mxit inali ikutsekedwa. Mafoni amakono a Itel ndi Tecno anatsika mtengo, ena ankabwera kuchokera ku Joni, masola anachuluka pa madenga, ndipo makampani anayamba kugulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook paokha. Malire a zilembo 160 anatha ntchito, ndipo luso lodula mawu linatsala chizolowezi chabe.

Amene amaisowa nyengo imeneyi amatchula zinthu zomveka. Batire inkatha masiku angapo. Uthenga unkaganiziridwa usanatumizidwe, chifukwa unali ndi mtengo. Wa ku Joni ankatha kunena kuti zinthu zili bwino popanda wina kumuuza kuti aonetse chipinda chimene akugona, ndipo wa kumudzi sankaona zithunzi za anzake atatsamira galimoto za eni ake n'kumadziona wotsalira. Mbiri ya maliro inkadzera kwa akuluakulu, amene ankadziwa woyamba kuuzidwa ndi mawu omuuzira. Lero chithunzi cha malemu chimatha kuzungulira m'magulu a WhatsApp mayi wake asanamve. Madandaulo amenewa ndi oona, makamaka lomalizali.

Koma ambiri mwa odandaulawo ndi amene ankadziwa kulemba. Kwa gogo amene moyo wake wonse anadalira mphunzitsi, mlamu ndi mdzukulu kuti amve mawu a mwana wake, batani lojambulira mawu linathetsa vuto limene kalata, telegalamu ndi SMS zonse zinalephera. Amadina, n'kulankhula Chitumbuka chake chonse ndi moni wake wautali, popanda womudula kapena womumasulira, ndipo yankho amalimva yekha. Anthu oterewa sakumbukira nyengo ya zilembo ndi chisoni. Chimene amadandaula ndi mtengo wa bandulo ndi batire imene imatha dzuwa lisanalowe.

Zilembo zokhazokha sizinachoke, zinangosamukira ku ndalama. Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo zonse zimayenda pa mndandanda wa zilembo ndi manambala umene umatseguka munthu akadina *211# kapena *444#, pa foni ya mtundu uliwonse, popanda bandulo. Ndalama zochokera ku South Africa kudzera pa Mukuru zimatsogozedwa ndi uthenga wolemba wokhala ndi nambala yokatengera. Akuba nawo anatsata njira yomweyo: uthenga wochokera pa nambala yachilendo wouza munthu kuti atumize ndalama ija pa nambala iyi ndi wodziwika m'dziko lonse, ndipo umagwira kwambiri mabanja amene akuyembekezeradi nkhani ya ndalama kuchokera kwa m'bale wakutali. Kalembera wa masimu wa 2018, amene anamangiriza nambala iliyonse ku chiphaso cha mwini wake, sanauthetse. Mafoni a mabatani akugulitsidwabe m'misika ya ku Mzimba, ndipo anthu ambiri amene ali ndi foni yamakono amasunganso kena ka mabatani, kamene amaikamo simu ya ndalama chifukwa batire yake imakhalitsa ndipo mbala sizikalabadira.